Fyuluta Yosada

Pikapu ya mlongo wake inalowa m'galaja Lachiwiri m'mawa ikufuka utsi wabuluu, ndipo Makaniko sanadikire kuti injini izime kuti adziwe matenda ake. Zaka makumi atatu akumvetsera mainjini zinamupatsa khutu loti dokotala akanachita nalo nsanje. Anatsegula boneti, anamasula paipi yolowetsa mpweya mu injini, n'kupisamo chala. Chalacho chinatuluka chili mbuu, fumbi lokhalokha.

"Alamu, tabwerani muone," anatero kwa mlamu wake amene anaibweretsa, ataimika chala m'mwamba. "Injini yadya dothi iyi. Maring'i atha, mkatimu mwapalika. Ndinanena ine."

Ananenadi, ndipo ananena kangapo, chifukwa Makaniko sanali munthu wonena chinthu kamodzi.

Pikapuyo inali ya mlongo wake wamng'ono, mayi woweta nkhuku zoikira kunja kwa tauni. Inkapita ndi mathireyi a mazira n'kubwerera ndi matumba a chakudya cha nkhuku, pamsewu wafumbi wokhala ndi chitunda chimodzi chimene chinkailiritsa. Woyendetsa anali mwamuna wa mayiyo, amene aliyense ankamutchula kuti Tayi, chifukwa ngakhale matumba ankanyamula atamanga tayi, dzuwa likuswa mtengo. Munthuyo analibe mwano, mowa sankalawa, koma chilichonse chimene wagwira chinkamufera m'manja. Anayesa zometa anthu, makina anapsa. Anayesa okala, anakongoza mtundu wonse mpaka mashelefu anatsala ndi machesi okha. Tsiku lomupatsa makiyi a pikapu, mkazi wake ananena mosabisa, Makaniko ali pomwepo, kuti uku ndiye kumaliza.

Tayi ankadziwa zimenezo, ndipo pikapuyo ankaisamala kuposa mmene ankadzisamalira yekha. Chinkamusowetsa mtendere ndi chitunda chija. Akadzaza matumba ankakwera ndi giya wani, injini ikubuula, anthu a njinga akumupitirira uku akumupatsa moni. Ndiye anafufuza, anawerenga, n'kukagula zida zimene amati zimathandiza injini kupuma momasuka. Anachotsa bokosi lakuda la pulasitiki limene galimoto inabwera nalo, pamodzi ndi fyuluta yake yapepala, n'kumangapo paipi yonyezimira. Kunsonga kwa paipiyo kunali fyuluta yofiira yooneka ngati kandowa, yansalu ya thonje yopanikizidwa pakati pa mawaya, ya mtundu woti sataya koma amangochapa. Ndipo tinene chilungamo, pikapu inayambadi kukwera chitunda ndi giya thuu, ikubangula moti agalu a m'mbali mwa msewu anasiya kuithamangitsa.

Chimene chinamupweteka Makaniko sichinali fyulutayo. Chinali choti mlamu wake anaimanga yekha pansi pa mtengo kunyumba, galaja ya m'banja ilipo, osafunsa n'komwe.

"Kodi anthu amene anapanga galimotoyi anali opusa poika bokosi lija?" anamufunsa nthawi imeneyo. "Phokoso si mphamvu, alamu. Tsiku lina mudzalira nacho chipewa chanu chofiirachi."

Koma kudana nacho sikunamuletse kuchisamalira. Loweruka lililonse m'mawa Tayi ankasiya pikapu pagalaja n'kupita kukatenga maoda m'magolosale, ndipo Makaniko ankaigwira mmene ankagwirira galimoto iliyonse ya wachibale. Ankaona oyilo, madzi, mabuleki ndi mpweya wa m'matayala. Kenako ankachotsa fyuluta n'kuipopera ndi kompuresa mpaka fumbi lonse litauluka, monga anaphunzitsidwira ali mnyamata komanso monga anachitira ndi mafyuluta osawerengeka. Ya Tayi anaipeza ili noninoni ndi mafuta ofiira, zimene kwa iye zinali uve basi, choncho anayamba waiviika m'petulo mpaka inayera. Sankauza munthu zimenezi. Ankati ntchito yochitira mlongo wako suimbira belu.

Lachiwiri lija masana mlongo wake anafika pagalaja ali ndi nthenga za nkhuku m'tsitsi. Anaima kutsogolo kwa boneti, osayang'ana mwamuna wake.

"Achimwene, mundiuze chinthu chimodzi chokha. Ndi ukalamba wa galimoto, kapena ndi munthu?"

Makaniko akanatha kunena kuti adikire amasule kaye injini yonse. Koma Tayi anali ataima pomwepo, ndipo mawu okoma kwambiri pakamwa pa mmisiri ndi oti ndinanena ine.

"Ndi chifyuluta chija, achemwali. Chinkalowetsa fumbi. Bokosi likanakhalapo, injini iyi ikanayenda zaka zina zisanu."

Mayiyo anangotambasula dzanja. Tayi anapisa m'thumba, n'kuika makiyi m'dzanjamo. Zotsala zinakanenedwa kunyumba. Makaniko anamva tsiku lotsatira kuti mlamu wake watenga chikwama n'kukakhala kwa mkulu wake wa Tayiyo, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya matayala, komanso kuti mlongo wake wayamba kale kufunsira dalaivala wina. Anamva chisoni, inde, koma chinali chisoni chopepuka, cha munthu amene mlandu suli wake.

Lachisanu Tayi anatulukira pagalaja atanyamula katoni, khosi lili pamtunda, tayi palibe. Makaniko anali ataitsitsa kale injini, zitsulo zili ndandanda pathebulo.

"Alamu, sindinabwere kudzadandaula," anatero Tayi. "Ndikungofuna mundionetse pamene ndinalakwitsa. Zina zonse zija ndimadziwa pamene ndinagwera, koma izi ayi. Ndikuganiza mpaka mutu ukuwawa."

Anatsegula katoniyo n'kuyala zinthu pabenchi: kabotolo ka sopo wochapira fyuluta, kabotolo ka mafuta ofiira, ndi pepala la malangizo lopindidwa bwinobwino. Makaniko ananyamula timabotoloto n'kuseka.

"Onani! Simunatsegule n'komwe. Miyezi isanu ndi umodzi, pamsewu wafumbi ngati uja, osachapa ngakhale kamodzi. Ndiye mukufunsa pamene munalakwitsa?"

"Pepalali likuti uichape ikada mpaka mawaya atasiya kuoneka," anayankha Tayi. "Ine ndinkatsegula boneti Lolemba lililonse. Siinkada, alamu. Fumbi lonse lija, koma iyo ili mbee. Kufiira kokha n'kumene kunachoka sabata yoyamba, ine n'kumati mwina ndi kutentha kwa injini. Ndinkanyadira kuti ndagula chinthu chabwino, fyuluta yosada."

Makaniko anasiya kuseka. Anatenga pepala lija. Zilembo zinali zing'onozing'ono ndipo magalasi ake anali m'kabati, koma zithunzi sizifuna magalasi. Pansi pa pepalalo panali tizithunzi tiwiri todulidwa ndi mzere wofiira. Kena kanali ka payipi ya kompuresa, kena kanali ka chigubu cha petulo.

"Apa akuti chiyani?" anafunsa, mawu atatsika.

Tayi anawerama n'kuwerenga. "Akuti mafuta ofiirawo ndi amene amagwira fumbi, nsalu payokha singathe. Petulo amawachotsa, ndipo mpweya wa kompuresa umaboola nsalu. Koma ine sindinachitepo zimenezo, alamu. Kompuresa ndingaipeze kuti ine?"

Makaniko ananyamula fyuluta ija pathebulo n'kupita nayo pakhomo la galaja. Anailozetsa kudzuwa n'kusuzumira mkati. Kuwala kunkalowa m'timabowo tambirimbiri, mzere ndi mzere, motsatira mmene dzanja lake linkayendetsera payipi. Analizindikira dzanja lakelo monga mmene munthu amazindikirira zolemba zake. Anachita manyazi amene sanawachitepo chiyambire kugwira sipanala.

"Mwaona chiyani?" anafunsa Tayi kumbuyo kwake.

"Siyani katoniyo pompo, ndionanso bwino," anatero Makaniko osatembenuka.

Tayi anathokoza, tangoganizani, anathokoza, n'kumapita wapansi.

Masana amenewo Makaniko anagwira ntchito ngati wina akumuthamangitsa. Mutu wake unkamupatsa nzeru zambiri, zonse zooneka zabwino. Injini aikonza yekha osalipiritsa, anthu adzati ndi mlongo wabwino. Bokosi lakale alibwezeretsa, fyuluta yobookayo aiponya m'mulu wa zitsulo, pepala lija ayatsira moto. Palibe amene ankadziwa za Loweruka m'mawa, ndipo Tayi, munthu wozolowera kulakwa, anali atausenza kale mlanduwo popanda womukakamiza. Komanso tauni yonse inkadziwa kuti galimoto ikakanika kwina konse imathera pagalaja pake. Dzina lotero sulitaya chifukwa cha kansalu kofiira.

Cha m'ma 4 koloko kunabwera bambo wina wamfupi, wovala jekete lachikopa, n'kudzitchula kuti ndi dalaivala watsopano wa mayi a mazira. Anafunsa kuti pikapu ituluka liti. Anasuzumira mkati mwa pikapuyo, anaona kampando kamene Tayi anasokerera nsalu, n'kunena kuti mpando umenewo ausunthira kutsogolo. Makaniko anamuyankha mwaukali umene munthuyo sanaulakwire.

Atafika kunyumba anapeza mkazi wake akuanula zovala. Anamuthandiza kupinda mashiti awiri, zimene zinamudabwitsa mayiyo kuposa china chilichonse, kenako anafotokoza zonse atayang'ana pachingwe.

Mkazi wake anaika beseni pansi. "Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira tsiku loti mulakwitse, bambo, ndinkati ndidzavina. Koma sindinkafuna likhale lotere."

"Chinthucho chinalibe chizindikiro chilichonse. Fyuluta ndi fyuluta. Aliyense akanapopera."

"Aliyense akanafunsa mwini wake. Inu simufunsa. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo." Ananyamulanso beseni lake. "Munthu akugona pa matayala uko chifukwa cha pakamwa panu. Ine sindikuuzani chochita, mumadziwa zonse inu."

Loweruka m'mawa, nthawi imene pikapu inkafika pagalaja masiku onse, Makaniko anaimbira mlongo wake kuti abwere. Anafika cha m'ma 10, akuoneka kuti masiku amenewo sankagona bwino. Makaniko anali atakonza mawu ambiri, koma atamuona anangotsala ndi ochepa.

"Achemwali, injini ija ndinapha ndine. Alamu alibe mlandu. Fyuluta ija siifuna petulo kapena kompuresa, ine ndinkaichita zonse ziwiri, Loweruka lililonse, iwo osadziwa."

Anadikira mkuntho. Koma mlongo wake anangopumira m'mwamba n'kumwetulira motopa.

"Achimwene, ndikudziwa kuti mukumva chisoni. Anabwera kuno dzulo eti? Musamuikire kumbuyo. Anthu akhala akumuikira kumbuyo moyo wake wonse, n'chifukwa chake ali chonchi."

"Sindikumuikira kumbuyo. Ndikunena zoona."

"Inu? Kuwononga injini? Munayamba kukonza galimoto ine ndisanayambe sukulu. Kunyumba kwathu chinthu chikafa amayi ankati dikirani achimwene anu. Mukandiuza kuti mwaiwala tsiku langa lobadwa ndikhulupirira, koma izi ayi. Pikapu ituluka liti? Mazira akundiunjikana."

Zaka zonse zimene Makaniko anakhala akuonetsetsa kuti mawu ake asatsutsidwe ndi zimene tsopano zinamutsekera njira, moti bodza la Lachiwiri linakhulupiriridwa nthawi yomweyo koma chilungamo cha Loweruka chinkakanidwa. Anamuonetsa pepala lija, mlongo wake anati mapepala amalemba zambiri. Anamuonetsa mabowo, iye anati zinthu zotchipa zimabooka zokha.

"Khalani pompo," anatero Makaniko. "Musachoke."

Anawoloka msewu ndi ovolosi yake yamafuta n'kulowa m'shopu ya masipeya. Wogulitsayo, amene anamumva kambirimbiri akunyoza mafyuluta amenewa, anatsegula pakamwa atamva zimene akufuna.

"Inunso, a Makaniko? Mwayamba za anyamata? Ndikupatseninso magetsi a pansi pa galimoto?"

"Ndipatse yofiirayo, usandichedwetse."

Anabwerera nayo, anang'amba pulasitiki mlongo wake akuona, n'kumupatsa m'manja. "Lozetsani kudzuwa. Mukuona chiyani?"

"Palibe. Kufiira basi."

Anailanda, anaimiza m'beseni la petulo, anaitikita mpaka petuloyo anafiira. Kenako anayatsa kompuresa. Anagwira payipi mmene ankagwirira nthawi zonse, pafupi kwenikweni, n'kuiyendetsa kuchokera pamwamba kutsika pansi, khwinya ndi khwinya, osathamanga. Dzanja linkadziwa lokha ntchitoyo. Atamaliza anazimitsa kompuresa, m'galaja munati zii, n'kumubwezera mlongo wake.

Mayiyo anailozetsa kudzuwa. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga yakale ija ndi dzanja linalo, n'kuyang'ananso.

"Uku n'kamodzi kokha," anatero Makaniko. "Ine ndachita zimenezi miyezi isanu ndi umodzi. Alamu ankatsegula boneti Lolemba lililonse n'kupeza ili yoyera, chifukwa ine ndinali nditadutsapo kale. Iwo anatsatira pepala liwu ndi liwu. Ine sindinafunse kuti pali pepala."

Mlongo wake anakhala pansi pa tayala la lole limene linali pakhomo. Sanalire, sanakuwe. Anaika mafyuluta awiriwo pamiyendo, mafuta akudetsa siketi yake, iye osasamala.

"Ndinakufunsani funso limodzi lokha Lachiwiri," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndinakufunsani inu chifukwa ndinkaopa kumulakwira. Ndinati achimwene akanena, ndiye kuti n'zoona."

"Injini ndikonza ndekha, achemwali. Zonse ndigula ine. Pofika Lachitatu ikhala ikuyenda, ndipo fyuluta ndigula ina ngati yomweyi, alamu aimange okha."

Mlongo wake anamuyang'ana ngati walankhula chinenero china.

"Mukudziwa zimene ndinamuuza kunyumba? Ana onse atatu anali patebulo. Ndinamuuza kuti m'nyumba muno mwamuna ndi ine. Ndinati tayi ndi chinthu chokhacho chimene anamangapo osagwa. Iye ankangoyang'ana m'mbale. Ndiye mtsikana wamkulu uja anaseka, achimwene. Anawaseka bambo ake, ang'onowo n'kutsatira. Ndi pamene anadzuka kukatenga chikwama." Anapukuta manja pasiketi. "Injiniyo mukonza, sindikukayika. Nanga mwana amene anaseka bambo ake ndipite naye kugalaja iti?"

Makaniko anaweramitsa mutu. Anaima pamenepo, manja akununkha petulo, ndipo anamva kuwawa mumtima kumene kunalibe kochitira.

Patapita kanthawi mlongo wake anadzuka. Anatulutsa makiyi a pikapu m'chikwama, anawayang'ana, n'kuwaika m'thumba la ovolosi ya Makaniko.

"Ine ndikawapereka kwa mwamuna wanga, aziti ndamukhululukira, pomwe palibe chomukhululukira. Mukapereka ndinu. Tidzera kunyumba kaye titenge ana, onse atatu, akamve ndi makutu awo. Ndipo musakayambe ndi za injini."

"Ndikayambe ndi chiyani?"

"Mukafunse mwini wake," anatero mlongo wake, n'kuyamba kuyenda kulowera kumsewu.

Makaniko anakoka chitseko chachitsulo cha galaja, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe, makasitomala awiri akumuitana kuti galimoto zawo bwanji. Anatsatira mlongo wake m'mbuyo, ndipo njira yonse ankayeserera chamumtima mawu oti pepani alamu, amene pa zaka makumi asanu ndi zinayi anali asanawanenepo kwa munthu wamng'ono kwa iye.